Ethereum, Hyperledger Fabric kapena database wamba: manambala a magetsi tiwasunge kuti?

Anzanga oyang'anira nyumba za boma, sukulu ndi zipatala andifunsa mokwanira za blockchain, buku la pakompyuta lomwe limasungidwa pa makina ambiri nthawi imodzi. Ogulitsa akuwauza kuti manambala a mita ya magetsi akalowa mmenemo palibe angawasinthe. Nzoona, koma nkhani siithera pamenepo.

Ethereum, blockchain yotsegukira aliyense, sindichedwa nayo. Zoti imadya magetsi ambiri zinatha mu Seputembala 2022 atasiya mining, mpikisano wa makompyuta potsimikizira zolembedwa. Chatsala ndi gas fee: chilichonse chomwe mwalemba mumalipira, ndipo mtengo umakwera anthu akachuluka. Mita yowerenga mphindi 15 zilizonse imatulutsa manambala 96 patsiku, 35,040 pachaka. Imeneyo ndi mita imodzi. Ndi akauntanti uti wa boma angasainire bajeti yolipira mu ether, ndalama ya Ethereum, mtengo wake wosintha ola ndi ola?

Energy Web Chain, blockchain ya za magetsi yomwe inayamba mu 2019, ndi yotchipa, koma imafunabe token, ndalama yakeyake yolipirira.

Hyperledger Fabric, ya pansi pa Linux Foundation, ilibe gas fee, ndipo amalowa okhawo mwawaloleza. Apa mpomwe ndili ndi mangawa, osati ndi Fabric, koma ndi kampani ina yomwe inatiikira. Pakotesheni panalembedwa mtengo woikira basi. Sanatiuze kuti bungwe lililonse lifunika seva yake, kuti masatifiketi a makinawo amatha, ndipo akatha zonse zimaima. Tsikulo litafika, anati kukonza ndi kontrakiti ina. Tinalipira tikulira, chifukwa mu ofesi munalibe wodziwa kugwira.

Chowawa kwambiri nchakuti blockchain sidziwa ngati mita ikunama. Wamagetsi akamangirira CT clamp (kachipangizo koyezera magetsi pa waya) chotembenuza, kapena mita ikatayana ndi intaneti, bodzalo limasungidwa mwaulemu wonse, losafufutika. Mungowonjezera mzere wokonza pansi pake.

Ine ndili kumbali ya database wamba, PostgreSQL kapena InfluxDB. Nzaulere, ndipo odziwa kuzigwira sasowa. Ngati mukuopa kuti wina asintha manambala usiku, tengani hash ya manambala a tsiku lonse (kachidindo kamene kamasintha nambala imodzi ikangosintha) muiike pa blockchain kamodzi patsiku. Wofufuza mabuku akabwera adzayerekeza, ndipo kusintha kulikonse kudzaonekera.

Fabric ndingaivomere malo amodzi: pomwe kontrakitala waika masola kapena mababu a LED ndipo malipiro ake akuchokera pa magetsi opulumutsidwa. Pamenepo iye ndi eni nyumba sakhulupirirana, aliyense akufuna buku lakelake. Ngakhale apo, funsani kaye mtengo wa chaka chachiwiri musanasaine.