Zaka zinayi za social work kuno ku Zomba: zomwe ndinapeza kwa aphunzitsi athu

Mwana wa achemwali anga wakhoza MSCE, ndipo sabata yatha anandiimbira foni kufunsa ngati maphunziro a social work, ntchito yothandiza anthu ndi mabanja omwe ali pamavuto, ndi oyenera kuwataira zaka zinayi. Mayunitsi anamuthera tisanamalize. Ndiye ndayankha pano, poti ine ndinadutsamo kuno ku Zomba ndipo lero ndimadya za ntchito imeneyi.

Chaka choyamba sichinandikomere. Zinali zowerenga zokhazokha, za sociology ndi psychology, ndipo mabuku ambiri a mulayibulale anali olembedwa ku America ndi ku Britain. Umawerenga za nyumba zosungirako okalamba, pomwe kwanu agogo akulera zidzukulu zisanu ndi chimodzi m'nyumba yofolera udzu. M'mabukumo mulibe mwinimbumba, mulibe nyakwawa, mulibe chikamwini. Chonsecho kuno ku Zomba, ukafuna kukamba za tsogolo la mwana popanda amalume ake, wangotaya nthawi.

Zinthu zinasintha m'chaka chachiwiri chifukwa cha amayi ena omwe ankatiphunzitsa kacheza ndi anthu ovutika. Tinkangowatchula kuti Madamu. Tsiku lina anatiuza tikankhire mipando kukhoma, nayala chitenje pansi. Mnzathu wina anakhala mwana wazaka 8, ine ndinakhala wofunsa. Chingerezi anachiletsa. Ndinaima ndi kope m'manja nkufunsa kuti, "Kodi unachitidwa nkhanza?"

"Imani kaye," anatero Madamu. "Mwana ameneyu mawu oti nkhanza akuwadziwa? Nanga mwaimiriranji ngati apolisi? Khalani pansi, kope ikani uko. Mufunseni amagona ndi ndani, amasamba kuti, ndani amamupatsa makobidi a zitumbuwa."

Tinabwereza kasanu. Ulendo wachisanu mnzanga uja analira zenizeni, kalasi yonse inati zii. Madamu sanathamangire kumutonthoza, anangokhala naye pafupi mpaka anapuma bwino, kenako anatiuza kuti kukhala chete nakonso ndi ntchito. Pa zonse zomwe ndinalipirira fizi, tsiku limenelo ndi lomwe ndimaligwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Ena omwe sindingawaiwale ndi abambo omwe ankatiphunzitsa malamulo. Iwowa anagwirapo ntchito ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu asanayambe uphunzitsi, ndiye nkhani zawo zinali za kubwalo la milandu, osati za m'buku. Ankafuna aliyense akhale ndi fotokope ya Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 m'chikwama. Anatiphunzitsa kuti mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu, kuti mwana wolakwa sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu, komanso kuti pa milandu ing'onoing'ono lamulo limalola kumupatutsa kuti asafike kukhoti. Anatifotokozera kusiyana kwa ndende ndi malo osinthira ana khalidwe ngati Chilwa kuno ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Za ukwati ankabwereza mpaka tinaloweza: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wazaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, mpaka Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umenewo mu 2017. Mayeso awo anali ovuta, ndipo ndimawathokoza chifukwa cha zimenezo.

Zomba payokha ndi kalasi. Chipatala chachikulu cha boma cha odwala maganizo chili konkuno, ndende yayikulu ili konkuno, bungwe la YONECO lomwe limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana lili konkuno. Zomwe waphunzira m'mawa ukhoza kukaziona masana utakwera kabaza.

Pa atachimenti, nthawi yomwe ophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito poigwira, ndi pomwe ndinayezera ngati aphunzitsiwa ananditula pabwino. Ndinatsagana ndi mkulu wina wa ntchitoyi pa njinga yamoto kupita mbali ya ku nyanja ya Chilwa, komwe mtsikana wazaka 15 anali atalowa m'banja ndi msodzi. Ine mumtima ndinali nditakonza kale ndime za lamulo. Tinapeza agogo ake akusankha matemba pa lichero, ndipo anatiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Mkulu uja anayamba ndi kufunsa za mvula, za mwendo wawo wotupa, za mtengo wa chimanga. Patapita nthawi agogo anati, "Mwanangu, ine ndimudyetsa chiyani? Uko akudya kawiri." Ndinakumbukira chitenje cha Madamu, ndinatseka kope. Zinatengera maulendo atatu, amfumu ndi amalume ake a mtsikanayo alipo, kuti abwerere kusukulu. Tinafufuzanso ngati banjalo lingalowe mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, koma mayina salembedwa tsiku lililonse, ndiye ndinachoka nkhaniyo isanathe. Mpaka lero ndimamuganizira mtsikana ameneyu.

Zodandaula zilipo, ndipo sindibisa. Mphunzitsi wina ankangowerenga zolemba zake pa pulojekita, magetsi akazima kalasi yathera pomwepo. Nthawi yonse ya atachimenti wotiyang'anira anabwera kamodzi, kwa mphindi zosakwana 30, ndipo thiransipoti ndi chakudya zinali za m'thumba mwathu. Anzanga ochokera m'mabanja osowa ankayenda wapansi mitunda yaitali. Chomwe chimandiwawa kwambiri nchakuti palibe anatikonzekeretsa za Chiyao. Kumadera ena a boma lino agogo amamasuka m'Chiyao, ndipo kufunsa nkhani ya kugwiriridwa kudzera mwa womasulira yemwe ndi mnansi wawo nkulakwira mwanayo. Za momwe ungadzisamalire wekha ukamva zoopsa tsiku lonse, tinangozikhudza m'phunziro limodzi.

Ntchito nazo sizipezeka msanga. Boma silemba anthu chaka chilichonse, ndipo mabungwe ambiri amapereka makontilakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri. Ine ndinakhala miyezi 14 ndikugwira mongodzipereka ndisanapeze yolipidwa. Namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, anzanga angapo anapeza ntchito m'misasa ya anthu othawa madzi, koma zinatha misasayo itatsekedwa.

Ndiye iwe mwana wa achemwali, maphunzirowa ndikukulimbikitsa, koma usanalembe fomu ubwere Lachisanu udzagone kuno ku Matawale. Loweruka m'mawa ndili ndi ulendo wokaona banja lina ku Chinamwali, ndipo ndawapempha kale kuti ndibwere ndi mlendo. Uvale chitenje ndi nsapato zoyendera, foni udzaisiya m'chikwama.