Makina a magetsi a madzi a 1 kW: yezani mtsinje musanagule

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, anthu ambiri kuno ku Chipata anayamba kufunsa za timakina topanga magetsi ndi madzi totchedwa Turgo, tochokera ku China, tolembedwa 1 kW ndi 220 V. Makinawo ndi osavuta: nozo yoponya madzi, gudumu la timakapu, mabering awiri ndi jenereta pamwamba. Amagwira ntchito bwino ndithu, koma 1 kW yolembedwayo imafuna madzi amene mitsinje yathu yambiri ilibe.

Kawerengedwe kake ndi aka: mamita amene madzi akutsika, kuchulukitsa ndi malita pa sekondi, kuchulukitsanso ndi 5. Kuti mupeze mawati 1,000, omwe ndi 1 kW ija, pamafunika kutsika kwa mamita 20 ndi malita 10 pa sekondi. Tchingani kamtsinjeko, madzi onse adutse m'paipi imodzi, mutchere ndowa ya malita 20. Ikadzaza m'masekondi 4, muli ndi malita 5 basi pa sekondi, ndiye kuti mawati 500 pa kutsika kwa mamita 20. Yezani mu Okutobala, osati mu Febuluwale, chifukwa timitsinje tambiri ta kuno timangotsala mchenga mvula isanabwere. Malo oyenera ndi a m'mapiri okha, pomwe pali kasupe wosaphwa.

Chimene ogulitsa satchula ndi paipi, ndipo mpamene ndalama zambiri zimapita. Pa mtunda wa mamita 100, paipi ya 110 mm imadya pafupifupi mamita 2 a kutsikako. Ya 63 mm singapititse malita 10 pamalo otere, mphamvu imathera m'njira, mababu n'kumangoyaka mofiira. Anthu amanena makina, pomwe vuto ndi paipi.

Mdani wina ndi mchenga wochokera m'madimba olimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Umakulitsa bowo la nozo ndi kudya timakapu. Mangani thanki yoti mchenga uzikhazikika madzi asanalowe m'paipi, ikani sefa yotchinga masamba, ndipo nthawi ya dzinja muzikokolola pafupipafupi.

Musagule makinawa opanda kontirola ndi hita yake yotayira magetsi otsala. Anthu akazimitsa zinthu m'nyumba gudumu limathamanga kwambiri, mavoti amakwera, matchaja ndi TV n'kupsa. Mabering obwera nawo ndi ofooka, madzi akangolowa amayamba kulira. Tengani nambala yake mugule ena kumashopu a masipeya, muwasungiretu.

Ubwino wake ndi wakuti sagona ngati sola. Ngakhale mawati 300 okha, usana ndi usiku, ndi mayuniti 7 pa tsiku: malaiti a nyumba zingapo, mafoni, TV ndi kafiriji kamodzi. Chigayo ndi weluding'i iwalani. Musanayale paipi kambiranani ndi a mfumu ndi eni madimba a kumunsi, ndipo mukafunse ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi, za chilolezo chogwiritsira ntchito madziwo.