Kope langa lolosera mphoto za Oscar, patatha miyezi 6

Mu Seputembala 2024 ndinalemba za njira ina yolosera opambana mphoto za Oscar yomwe ndinaitola pa intaneti. Mwachidule imati: usadalire mtima wako, usadalirenso phokoso la atolankhani, koma uzitsata mphoto zomwe zimaperekedwa Oscar isanafike, makamaka za mabungwe a anthu ogwira ntchito ya mafilimu ku America, chifukwa ena mwa anthu amenewo ndi omwenso amavota pa Oscar. Ndinagula kope lachikuto cholimba mumsika wa Kasungu, n'kujambula mizere ndi rula, filimu iliyonse tsamba lakelake, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabwera kudzanena ngati njirayi ili yaphindu. Mwambo unachitika pa 2 Malichi 2025. Kopelo chikuto chinafufuma ndi mvula ya Januwale, masamba atsala ochepa, ndiye ndabwera.

Tilipo anthu asanu pa masewera amenewa: ine, alamu anga, aphunzitsi ena a kusekondale, mayi wina wa saluni, ndi mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi depoti. Tinazolowerana pa mikangano ya Bullets ndi Wanderers, za mafilimu zinangobwera pambuyo. Ndalama sitibetcherana. Wotsalira kumapeto amagulira anzake tchipisi cha pachiwaya, basi. Mwa asanufe, wa kope ndinali ine ndekha, ndipo anandiseka nalo mokwanira.

Miyezi itatu yoyamba ndiuze aliyense mosabisa: ndinangowononga inki ndi mabando. Njirayi imati yambira pa zikondwerero za mafilimu za mu Seputembala, makamaka mphoto yomwe oonera amavotera ku Toronto, poti Green Book ndi Nomadland zinadzera pamenepo zisanakatenge Oscar ya filimu yabwino koposa. Chaka chimenecho anthu a ku Toronto anasankha The Life of Chuck. Ndinaipatsa tsamba loyamba, mutu wolembedwa ndi bolopeni yofiira, kenaka zinadziwika kuti filimuyo siituluka mu 2024, choncho sili pa mpikisano n'komwe. Ku Venice mphoto yaikulu inapita kwa The Room Next Door ya Pedro Almodóvar, yomwe pa Oscar sinalowe m'gulu ngakhale limodzi. Ndiye panali Anora ya Sean Baker, yomwe inapata Palme d'Or ku Cannes mu Meyi. Imeneyi ndinaiika tsamba lakumapeto, chifukwa mafilimu opambana ku Cannes sakonda kudzapambananso pa Oscar. Parasite inatheka, koma zoterozo n'zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Januwale ndiye mwezi wosocheretsa. Pa Golden Globes, pa 5 Januwale, The Brutalist ndi Emilia Pérez zinagawana mphoto zikuluzikulu, Anora inabwerako chimanjamanja. Kope limati a Globes usawamvere kwambiri, ndi atolankhani, si amene amavota pa Oscar. Ndinamvera, ngakhale mtima unkakana. Mayina a opikisana pa Oscar anachedwa kutuluka chifukwa cha moto wolusa womwe unapsereza mbali zina za Los Angeles, ndipo atatuluka pa 23 Januwale, Emilia Pérez inali m'magulu 13, The Brutalist ndi Wicked 10 iliyonse, Anora 6 yokha. Alamu anga anandipeza ndikuchokera kudimba, foni ili m'manja. “Alamu, kope lanulo kakulungireni mandasi. 13 ndi 13, nkhani yatha.”

Sipanathe masabata awiri, zinthu zakale zomwe Karla Sofía Gascón, wosewera wamkulu wa Emilia Pérez, analemba pa Twitter zonyoza Asilamu ndi anthu ena zinafukulidwa. Filimu ija inaphwa ngati chubu cha njinga. Pa magulu 13 aja inadzapata mphoto ziwiri: ya Zoe Saldaña ndi ya nyimbo. Chikomekome cha mkuyu. Koma ndisanamize munthu kuti kope langa linaziona izi zikubwera. Mulibe mzere wa manyazi m'kopemo. Chimene linandithandiza n'chakuti linandiletsa kuthamangira chiganizo mu Januwale, pomwe anzanga onse anali atatseka kale mabuku awo.

Pomwe njirayi inaonetsa mphamvu ndi mu Febuluwale, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndipo pagona nkhani. Pa 7 Febuluwale Anora inapata mphoto ya olemba ndemanga za mafilimu, Critics Choice, ndipo tsiku lotsatira, usiku umodzi womwewo, inatenga ya bungwe la madayilekitala, DGA, ndi ya bungwe la maprodyusa, PGA. Ya PGA ndiyo yolemera, pa chifukwa chomwe ife Amalawi sitivutika kuchimvetsa chiyambire nkhani ya 50+1. Pa Oscar, magulu ena onse amapambana amene wachuluka mavoti, ngakhale ndi limodzi. Koma pa filimu yabwino koposa, wovota amandandalika mafilimu 10 onse, kuyambira yomwe waikonda kwambiri mpaka yomwe sanaikonde. Ngati palibe yomwe yadutsa theka la mavoti, yotsalira kumunsi imachotsedwa, ndipo mapepala a amene anaiika pamwamba amapita ku filimu yomwe anailemba yachiwiri. Amabwereza choncho mpaka ina itadutsa theka. Tanthauzo lake n'lakuti filimu yomwe ena amaifera koma ena amanyansidwa nayo imavutika, pomwe yomwe pafupifupi aliyense amaiika pa nambala 2 kapena 3 imakwera mwakachetechete. A PGA amawerenga mavoti mwa njira yomweyi. Ndiye ukaona filimu yapambana kumeneko, wadziwa kuti yayesedwa kale pa sikelo yofanana.

Ndinawafotokozera aphunzitsi zimenezi ndi zitsekerero za mabotolo patebulo, Fanta kukhala Conclave, Coke kukhala Anora. Anagwedeza mutu, koma patatha sabata, pa 16 Febuluwale, Conclave inapambana pa mphoto za mafilimu za ku Britain, BAFTA, ku London, ndipo pa 23 Febuluwale osewera ake anatenganso mphoto yaikulu ya bungwe la ochita zisudzo, SAG. Aphunzitsi anasamukira ku Conclave. Ine bolopeni inanjenjemera pa tsambalo, koma lamulo limati PGA ndi DGA zikagwirizana usasunthe. Sindinasunthe. Anora inatenga filimu yabwino koposa, Sean Baker yekha anatuluka ndi ziboliboli zinayi: filimu, udayilekitala, kulemba nkhani ndi kulumikiza zithunzi. Tsamba lija ndinaliika kumapeto ndi lomwe linadzadza mpaka m'mphepete.

Tsopano pomwe kope linandigwetsa. Pa osewera, lamulo limati tsata SAG, poti ochita zisudzo ndiwo gulu lalikulu mwa anthu pafupifupi 10,000 omwe amavota pa Oscar. Pa osewera othandizira zinayenda bwino, Kieran Culkin ndi Zoe Saldaña, koma amenewo ngakhale mwana wa sitandade 5 akanakhoza, anali akupambana paliponse. Pa wosewera wamwamuna SAG inasankha Timothée Chalamet, pomwe Adrien Brody wa mu The Brutalist anali atatenga Globe, Critics Choice ndi BAFTA. Apa ndinaphwanya lamulo langa lomwe, ndinalemba Brody, ndinakhoza. Pa wamkazi ndinamvera lamulo, ndinalemba Demi Moore, yemwe anali ndi Globe, Critics Choice ndi SAG, komanso nkhani yogwira mtima ya munthu amene wakhala m'mafilimu zaka zoposa 40 osalandirapo ulemu wotere. Mayi wa saluni uja analemba Mikey Madison, wosewera wamkulu wa Anora, yemwe pa mphoto zikuluzikuluzi anali ndi BAFTA yokha. Nditawafunsa chifukwa, anayankha akupesa kasitomala, osandiyang'ana n'komwe: “Achimwene, inu mukuti anthuwo filimuyo aikonda. Ndiye angakonde nsima n'kudana ndi wophika?” Anakhoza iwowo. Ine ndi mizere yanga ya rula ndinagwa.

Zinandiwawa kwambiri chifukwa yankho linali m'kope momwemo, kungoti pa masamba awiri osiyana. Njirayi imaona gulu lililonse palokha, ngati kuti wovota amasintha mutu akamachoka pa funso lina kupita pa lina. Munthu amene waika Anora pamwamba ndi yemweyo amene akusankha wosewera wamkazi, pa pepala lomwelo, tsiku lomwelo.

Panalinso ziwiri zomwe zinandiphunzitsa kanthu kena. Pa makatuni, PGA inasankha The Wild Robot, ine ndinatsatira, koma Oscar inapita kwa Flow, kafilimu ka ku Latvia ka mphaka wothawa madzi osefukira, kopanda mawu a munthu ngakhale amodzi. Chochititsa manyazi n'chakuti a Globes omwe ndinkawanyoza aja anali atakasankha kale. Pa filimu ya mayiko akunja, Emilia Pérez inali ndi Globe ndi BAFTA, koma inapambana I'm Still Here ya ku Brazil, yomwe inalowanso m'gulu la mafilimu 10 aja. Latvia ndi Brazil onse inali Oscar yawo yoyamba. Kuyambira cha m'ma 2016, anthu atadandaula kuti opikisana achuluka azungu okhaokha, bungwe la Oscar lakhala likulowetsa mamembala ambiri a kunja kwa America. Mabungwe monga PGA ndi SAG ndi a ku America. Ndiye njira yomwe imadalira iwo okha ikumva mawu a mbali imodzi ya mudzi. Mu 2025 dzenje limeneli linaonekera katatu, ukaphatikiza ndi nkhani ya Madison ija.

Magulu ang'onoang'ono, monga mafilimu aafupi atatu aja, njirayi ilibepo mawu. Ndinangolotera. Pa mafilimu a nkhani zenizeni PGA inasankha filimu yomwe pa Oscar sinali pa mndandanda, ndipo pa nkhani yotengedwa m'buku Conclave sinaloledwe kupikisana nawo ku bungwe la alembi, WGA, komabe inapambana pa Oscar. Ndi misampha yoti uidziwiretu, apo ayi kope likunamiza uli maso.

Usiku wa mwambowo tinakumana kwathu. Kuno unayamba 2 koloko m'bandakucha wa Lolemba, ndipo mwamwayi linali 3 Malichi, tsiku la Martyrs, kopanda wopita kuntchito. Magetsi anathima cha m'ma 1 koloko. Tinakhala pakhonde mozungulira mbaula, mondokwa akupsa, foni ya mnyamata wokonza mafoni uja ili pa pawabanki, iye akutiwerengera zotsatira zikamatuluka pa intaneti, ine ndikuchonga ndi tochi ya pafoni kukamwa. Netiweki inkazimiririka pa nthawi yoipitsitsa. Dzina la Madison linatipeza atambala akulira, ndipo mayi aja analiza nthungululu mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Pa magulu 23 ndinakhoza 16. Iwo 17, opanda kope, opanda rula. Alamu anga ndiwo anagula tchipisi, Emilia Pérez inawamiza m'magulu ambiri.

Nanga 16 ndi yabwino? Kwa munthu yemwe chaka chapitacho sanafike ndi theka lomwe, ndi yabwino. Koma pali chinthu chomwe chakhala chikundisowetsa mtendere, ndipo anachitchula ndi aphunzitsi tikutafuna tchipisi chija. Anandifunsa kuti mwa mafilimu 10 aja ndaonera angati. Anayi. Kuno kulibe holo ya mafilimu, ena mwa mafilimuwa satifikira msanga, ndipo bando ya filimu ya maola oposa atatu ngati The Brutalist, mu Febuluwale, mwezi womwe thumba la chimanga likulamulira nyumba, si nkhani yoyamba kuiganizira. Njirayi sifuna kuti uonere kanthu. Ndinalosera kuti Brody apambana ndisanaone nkhope yake mufilimumo ngakhale mphindi imodzi. Miyezi 6 ndakhala ndikuwerenga za anthu ovota, osati za mafilimu, ndipo nditaonera Conclave ndinadzipeza ndikuganiza za nambala yomwe anthu angaiike pa pepala m'malo momvera nkhani ya makadinala.

Kwa ife a Kasungu funsoli lili ndi mbola yakeyake. The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambula kuno ku Malawi ndipo mbali yaikulu ili m'Chichewa, dziko la Britain linaitumiza ku Oscar mu 2019 pa gulu la mafilimu akunja. Sinalowe pa asanu omaliza. Chaka cha 2018 Malawi inatumiza The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, nayonso sinalowe. M'kope langa mafilimu oterewa sakanapeza ndi tsamba lomwe, chifukwa njirayi imangoona filimu yomwe yayamba kale kutola mphoto ku Los Angeles ndi London, ndipo kuti ifike pamenepo pamafunika kampani yoiyendetsera kampeni, kuionetsa kwa ovota, kuwulutsa osewera uku ndi uku. Ndi ndale zenizeni, zosowa misonkhano ya pabwalo chabe.

Chaka chamawa ndidzagwiritsanso ntchito, koma mosintha. Sindidzatsegula kope mpaka mayina a opikisana atatuluka mu Januwale, za Toronto ndi Venice ndizidzangomva ngati nkhani. BAFTA ndidzaikweza kufanana ndi SAG pa osewera. Ndidzawonjezera mzere umodzi wofunsa kuti filimu ya wosewerayu ikuyenda bwanji pa mpikisano waukulu, ndipo mzerewo ndaulemba kale dzina la saluni ya mayi aja pamwamba pake. Ndalama ya mabando ya miyezi itatu yoyamba ija ndidzaonerera mafilimuwo. Aphunzitsi akuti adzabwera ndi kope lawo, lalikulu kuposa langa, ndipo alamu ayamba kale kufunsa kuti PGA imachitika mwezi wanji.