Miyezi 10 tikugwiritsa ntchito Trello mu ofesi

Papita miyezi 10 chiyambireni kugwiritsa ntchito Trello, pulogalamu ya pakompyuta yolondolozera ntchito, mu ofesi yathu, ndipo zimene ndinalemba m'mwezi woyamba, zoti pulogalamuyi ithetsa misonkhano ya Lolemba m'mawa, ndiyenera kuzibweza. Misonkhano ikadalipo, kungoti masiku ano imatha msanga.

Trello inatuluka mu 2011 ndipo kampani ya Atlassian inaigula mu 2017. Imatsata njira ya kanban yomwe inayambira m'mafakitale a Toyota: ntchito iliyonse imalembedwa pa khadi lomwe limaikidwa pa bolodi la mizere, ndipo khadilo limasuntha kuchoka pa mzere wa "zoti zichitike" kupita pa "zikuchitika" mpaka kukafika pa "zatha". Kumbali imeneyi ndilibe dandaulo, chifukwa ngakhale anzathu amene amaopa kompyuta anazolowera pasanathe sabata.

Chimene chinandidabwitsa ndi khalidwe lathu. Pulogalamuyi imalola aliyense amene ali pa bolodi kusuntha khadi lililonse, koma palibe wantchito wamng'ono amene analimba mtima kukhudza khadi lokhala ndi dzina la abwana, ngakhale ntchitoyo ataimaliza ndi manja ake. M'mwezi wachitatu tinawonjezera mzere wachinayi wakuti "zikudikira siginecha", ndipo ulamuliro umene unali m'mafayilo a mapepala unasamukira pa bolodi mmene unalili.

Komatu mzere womwewo ndi umene unadzatisintha. Kale kalata ikagona m'dirowa milungu iwiri ankadziwa ndi mlembi yekha, koma tsopano ofesi yonse inkaona makhadi akuunjikana pansi pa dzina limodzi. Abwana, popanda wowauza, anapatsa akuluakulu a magawo mphamvu zovomereza zinthu zing'onozing'ono, zomwe tinakhala tikupempha zaka zambiri osaphula kanthu.

Sikuti zonse zinayenda chomwecho. Mu 1992 katswiri wa kafukufuku Wanda Orlikowski anafufuza mmene kampani ina ya alangizi inkagwiritsira ntchito Lotus Notes, pulogalamu yothandiza antchito kugawana mauthenga ndi zolemba, ndipo anapeza kuti antchito sankagawana zimene ankadziwa chifukwa kukwezedwa pantchito kunkadalira kupambana anzako. Ifenso tili naye mnzathu amene amalemba khadi ntchito ikatha kale, n'kuliika pa "zatha" nthawi yomweyo, kuopa kuti wina angamulande ulemu. Sindimuimba mlandu kwenikweni, popeza fomu yathu yoyezera ntchito kumapeto kwa chaka imafunsabe zimene munthu wachita payekha.

Bolodi tipitiriza kuligwiritsa ntchito, ndipo nkhani ya fomuyo ndaiika pa khadi lomwe tsopano likudikira siginecha.