Steve Reich: bokosi la ECM, la Phases, kapena chibokosi chachikulu chija?

Nyimbo za Steve Reich, katswiri wopeka nyimbo wa ku New York yemwe anabadwa mu 1936, zasonkhanitsidwa kangapo, ndiye wongoyamba kumene amasowa pogwira. Pali The ECM Recordings ya kampani yojambula nyimbo ya ECM, ya mu 2016, ma CD atatu okha. Pali Phases ya kampani ya Nonesuch, ma CD asanu, yomwe inatuluka mu 2006 mkuluyu akukwanitsa zaka 70. Kenako Collected Works ya mu 2025, zimbale 27.

Mkangano weniweni wagona pa nyimbo imodzi, Music for 18 Musicians. Ili mu ECM, ilinso mu Phases, koma anaijambula nthawi zosiyana. Ya ECM inatuluka mu 1978 ndipo imatenga mphindi pafupifupi 56. Ya Nonesuch, yojambulidwa mu 1996, imafika mphindi 67. Nyimbo yomweyo, gulu la mwini wake yemweyo, nanga mphindi zinazo zachokera kuti? Reich sanaike lamulo loti kachigawo kalikonse kabwerezedwe kangati. Palibenso wotsogolera woima kutsogolo ndi kandodo. Woimba vibraphone, chida chofanana ndi marimba koma chachitsulo, ndiye amapereka chizindikiro choti onse asinthe, monga achitira wa mbalule pabwalo la gule, pomwe oimba bass clarinet, chitoliro cha mawu a pansi, amakweza ndi kutsitsa mawu malinga ndi mpweya umene uli m'chifuwa mwawo.

Ya mu 1978 ndi yothamanga, yamoto. Marimba ndi mapiyano zimagundana mothinana, mawu a azimayi anayi oimba m'gululo n'kusungunukiramo moti simudziwa kuti munthu ndi uti, chida ndi chiti. Ya Nonesuch ndi yodekha. Chida chilichonse chimamveka pamalo pake, ndipo anaidula m'zigawo 14, choncho mukhoza kubwerera pomwe pakukomerani. Inapatanso mphoto ya Grammy. Komabe ine ndili kwa ECM. Kudekhako kumachepetsa kanthu kena kamene kamakugwira pamtima, n'kukuiwalitsa kuti wakhala pampando pafupifupi ola lathunthu. Chokhacho, musaiweruze pa sipika ya foni, chifukwa mawu a pansi onse amathera momwemo. Pezani mahedifoni.

Vuto la bokosi la ECM ndi loti limathera pa Tehillim, chimbale cha mu 1982. Mulibe Drumming, mulibe Different Trains. Apa Phases ndiye yapambana kutalitali.

Drumming anaimaliza mu 1971, atabwerako ku Ghana komwe mu 1970 anakaphunzira ng'oma za anthu a mtundu wa Ewe. Chidwicho chinayamba kale atawerenga zolemba za A. M. Jones, mmishonale yemwe anakhala zaka zambiri ku Zambia, nthawiyo ikutchedwa Northern Rhodesia. Khutu lozolowera ng'oma zolukana silivutika nayo. Koma dziwani kuti ya mu Phases ndi yaifupi, ya mu 1987, yosakwana ola. Ya Deutsche Grammophon ya mu 1974 imayandikira ola ndi theka, ndipo m'menemo ndi momwe mumamva bwino woimba mmodzi akusuntha pang'onopang'ono kumusiya mnzake, mpaka kugunda kwatsopano kutabadwa pakati pawo.

Different Trains ya mu 1988, yoimbidwa ndi gulu la anthu anayi la Kronos Quartet, ndi nkhani ina. Ali mwana, Reich ankayenda pa sitima pakati pa New York ndi Los Angeles makolo ake atasiyana, zaka zomwezo Ayuda anzake ku Ulaya akukwezedwa sitima zopita ku misasa yophera anthu. Anasonkhanitsa mawu ojambulidwa a mayi amene ankamulera, a bambo wina wogwira ntchito m'sitima, ndi a opulumuka ku misasako, zida n'kumatsanzira kukwera ndi kutsika kwa mawu awo. Nyimbo imeneyi payokha ikukwanira kuti musankhe Phases.

Chibokosi cha zimbale 27 chija n'cha amene analowerera kale. Muli Double Sextet yomwe inam'patsa mphoto ya Pulitzer mu 2009 ndi nyimbo za ukalamba wake, zomwe mabokosi awiri enawo alibe. Wongoyamba atenge Phases, awonjezepo Music for 18 Musicians ya ECM payokha, ndipo Drumming ikamukoka asake ya mu 1974 ija.