All-rounder watsika fomu: kumutengabe, kutenga katswiri wa mbali imodzi, kapena kuyesa watsopano?

Osankha timu ya cricket akakhala pansi kulemba mayina 15 opita ku chikho cha dziko lonse, dzina limene limawachedwetsa ndi la all-rounder, wosewera amene amamenya komanso kuponya, amene watha miyezi zisakumuyendera. Womenya wamba akasiya kupeza marani, amangomukhazika pabenchi n'kuikapo womenya mnzake. All-rounder ndi wovuta chifukwa munthu mmodzi wagwira malo awiri. Mu ODI, masewero a tsiku limodzi a pakati pa mayiko, timu iliyonse imaponya maova 50 (ova imodzi ndi mipira 6) ndipo woponya mmodzi sapitirira 10. Mu T20, masewero aafupi, maova ndi 20, aliyense malire ake ndi 4. Choncho oponya asanu ndi okakamiza, ndipo kaputeni amafunanso wina wapadera woti athandize tsiku limene mmodzi mwa asanuwo akumenyedwa koopsa. Pa anthu 11 malo a wapaderayo palibe, pokhapokha akhale wodziwanso kumenya. Njira zimene osankha ali nazo ndi zitatu.

Yoyamba ndi kumutengabe, kudalira zimene anachitapo kale. Amene amakonda njirayi amatchula Hardik Pandya, ndipo ndimawamvetsa. Mu IPL (ligi ya T20 ya ku India) ya 2024 iye anali kaputeni wa Mumbai Indians, timu inathera pansi penipeni pa matimu 10, ndipo ochemerera ankamukuwiza ngakhale pa Wankhede, bwalo la timu yake yomwe. India inamutengabe ku chikho cha T20, n'kumuika kukhala wachiwiri kwa Rohit Sharma. Mu fainolo ku Bridgetown pa 29 Juni 2024, South Africa inafika pofuna marani 30 pa mipira 30, Heinrich Klaasen atalusa. Pandya anamutulutsa ndi mpira woyamba wa ova ya 17, wopita patali ndi thupi, Klaasen anangoukhudza ndi nsonga ya bati n'kugwera m'magolovesi a Rishabh Pant. Ova yomaliza anaponyanso iyeyo, South Africa ikufuna 16. David Miller anamenya mpira woyamba m'mwamba ndipo Suryakumar Yadav anauwakha pachingwe penipeni. India inapambana ndi marani 7, Pandya atatenga mawiketi atatu pa marani 20, ndipo mumpikisano wonse anatenga 11.

England inachita zofanana ndi Ben Stokes mu 2022. Anapita ku Australia asanafikepo marani 50 mu T20 ya dziko lake, anthu akukumbukirabe masikisi (marani 6 pa mpira umodzi) anayi otsatizana amene Carlos Brathwaite wa West Indies anamumenya mu fainolo ya ku Kolkata mu 2016. Mu fainolo ku Melbourne, polimbana ndi Pakistan, anamenya 52 osatuluka, England n'kutenga chikho.

Koma tisamatchule okhawo amene zinawayendera. Yuvraj Singh wa India anali wosewera wopambana onse pa chikho cha ODI cha 2011, ndi marani 362 komanso mawiketi 15. Mu fainolo ya T20 ya 2014 ku Dhaka analowa pa nambala 4 pamndandanda wa omenya n'kumenya marani 11 pa mipira 21, Virat Kohli ali mbali inayo akudikira mpira umene sunkamufika. India inathera pa 130, Sri Lanka n'kupambana mosavuta. Ndimamva chisoni ndikakumbukira tsikulo, chifukwa munthuyo ankayesetsa ndi mtima wonse, kungoti mpira ndi bati sizinkakumana.

Chimene chimachititsa kuti njirayi izipindula nthawi zina n'chakuti kuponya kumakhululuka kusiyana ndi kumenya. Womenya akalakwitsa kamodzi, tsiku lake latha. Woponya ali ndi mipira 24 kapena 60. Akamenyedwa sikisi amabwerera pamzere n'kuyesanso. All-rounder amene bati yamukana koma akuponyabe maova ake onse amakhala atagwira kale theka la ntchito.

Njira yachiwiri ndi kumusiya n'kutenga katswiri wa mbali imodzi amene ali pafomu. India inakakamizika kuiyesa pa chikho cha ODI cha 2023, Pandya atavulala akakolo ku Pune posewera ndi Bangladesh. Kuti atseke malo a munthu mmodzi anasintha anthu awiri: Suryakumar analowa kudzamenya, Mohammed Shami analowa kudzaponya, Shardul Thakur n'kukhala pansi. Shami anatenga mawiketi 24 m'masewero 7 okha, kuposa wina aliyense pa chikho chimenecho, kuphatikizapo 7 pa marani 57 mu semifainolo ndi New Zealand. Palibe all-rounder akanachita zimenezo. Mtengo wake unali wakuti kuyambira nambala 8 kutsika kunali oponya okhaokha, ndipo kaputeni analibe woponya wapadera wodalirika. Masewero onse izi zinabisika chifukwa omenya oyambirira ankamaliza ntchito. Mu fainolo ku Ahmedabad mawiketi atatu atagwa msanga, Kohli ndi KL Rahul anayamba kusewera mosamala kwambiri, Rahul n'kumenya 66 pa mipira 107, timu yonse n'kutuluka pa 240. Bwalo linali lovuta ndipo Australia inaponya bwino, koma ine ndimakhulupirira kuti kudziwa kuti kumbuyo kulibe womenya kunawamanga manja awiriwa.

Yachitatu, kutenga all-rounder watsopano chifukwa choti dzina la malowo likhalepo, ndiyo ndimaikayikira kwambiri. Pa chikho cha ODI cha 2019 India, ikusowa womenya wodalirika pa nambala 4, inasiya Ambati Rayudu n'kutenga Vijay Shankar poti amamenya, amaponya, amawakhanso. Anatulutsa Imam-ul-Haq ndi mpira wake woyamba pa chikhocho, koma anasewera masewero atatu okha asanachoke chifukwa chovulala, ndipo vuto la nambala 4 linatsala pomwepo. Munthu woti sangalowe timu monga womenya, sangalowenso monga woponya, ndiye mapanga awiri aja avumbwitsa.

Ine ndikanakhala pa tebulo la osankha, sindikanayamba ndi marani ake a miyezi yapitayi. Ndikanayamba ndi maova: kodi m'masewero ake omaliza wakhala akuponya angati, liwiro lake lilipobe, thupi likulola kuti mawa aponyenso? Ngati zili choncho, ndimutenga, ndimutsitse pa nambala 6 kapena 7 kuti bati ibwerere popanda kupanikizika. Ngati sakuponya, ndimuyeza ndi omenya anzake basi. Stokes yemweyo mu 2023 anapita ku India bondo likumuvuta, osaponya, koma malo ake anawapeza ndi bati: anali atangomenya 182 pa The Oval polimbana ndi New Zealand, ndipo pa chikhocho anamenya 108 polimbana ndi Netherlands. Amene sakuponya ndipo marani otere alibe, malo ake ndipereka kwa katswiri wa njira yachiwiri.