Hamilton ndi Jefferson: njira ziwiri zoyendetsera dziko lobadwira m'ngongole

Pamene George Washington adakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la America m'chaka cha 1789, adalandira dziko lomwe lidali litagonjetsa atsamunda a ku Britain koma m'thumba mulibe kanthu. Boma lalikulu lidali ndi ngongole ya madola pafupifupi 54 miliyoni, ina mwa iyo kwa obwereketsa a ku France ndi ku Netherlands, ndipo ngongole za zigawo 13 zomwe zidapanga dzikolo zinkayerekezedwa kuti zonse pamodzi zidakwana madola 25 miliyoni. Mwa nduna zomwe Washington adasankha mudali amuna awiri amene adasiyana kotheratu maganizo pa za momwe dziko lotere lingayendere: Alexander Hamilton, nduna ya zachuma, ndi Thomas Jefferson, nduna yoona za ubale ndi mayiko ena. Ambiri mwa ife amene timawerenga mbiri ya America timafulumira kusankha mbali potengera mawu okoma omwe awiriwa adalemba, koma ine ndikuona kuti kuyerekeza kwabwino n'kuyang'ana zomwe aliyense adafuna kuchita ndi ndalama za boma, amene adasenza mtolo wake, ndi zomwe zidatsatira.

Kumene awiriwa adachokera kumafotokoza zambiri. Hamilton adabadwira pa chilumba cha Nevis ku Caribbean, mayi ake adamwalira iye akadali mnyamata, ndipo adaphunzira za ndalama ali kalaliki wa kampani ya zamalonda pa chilumba cha St. Croix. Pa nkhondo adakhala zaka zinayi akuthandiza Washington pa ntchito yolemba makalata, ndipo adaona ndi maso ake asilikali akugona ndi njala chifukwa nyumba ya malamulo ya nthawiyo idalibe mphamvu yotolera msonkho. Inkangopempha zigawo, zigawozo n'kumapereka zikafuna. Jefferson adabadwira ku Virginia m'chaka cha 1743 m'banja la eni minda ikuluikulu, ndipo adakula akuona alimi a fodya ali m'goli la ngongole kwa amalonda a ku London ndi ku Glasgow. Wina ankaopa boma lofooka, winayo ankaopa wobwereketsa pamodzi ndi boma lamphamvu lomwe limaima kumbuyo kwa wobwereketsayo.

Mkangano woyamba udali wa ngongole, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Nkhondo itatha asilikali ambiri sadalandire ndalama m'manja, adangopatsidwa zikalata zolonjeza kuti boma lidzawalipira mtsogolo. Taganizirani msilikali amene wabwerera kwawo m'chaka cha 1783 ndi pepala lotero: munda wamera tchire, ana ali ausiwa, wotolera msonkho wa chigawo ali pakhomo, ndipo boma lomwe lidalemba pepalalo likulephera ngakhale kulipira chiwongoladzanja. Ambiri adagulitsa zikalata zawo pamtengo wozizira, nthawi zina masenti 15 okha pa dola iliyonse, kwa amalonda a m'mizinda omwe adali ndi chuma chowalola kudikira. Mu Januwale 1790 Hamilton adapereka lipoti ku nyumba ya malamulo lopempha kuti boma lilemekeze zikalatazo pa mtengo wolembedwapo, ndipo lilipire aliyense amene adali nazo m'manja pa nthawiyo. Nkhaniyi itangomveka ku New York, komwe kudali likulu, ochenjera adatumiza anthu awo kuzigawo za kummwera kukagula zikalata zotsala eni ake asanamve kuti mtengo wakwera.

James Madison, amene adalemba limodzi ndi Hamilton nkhani zoikira kumbuyo malamulo atsopano oyendetsera dziko koma pambuyo pake n'kuima ndi Jefferson, adapempha kuti wogula chikalata apatsidwe mtengo wapamwamba womwe chidafikapo pamsika, ndalama yotsalayo ipite kwa mwini wake woyamba. Aphungu adakana ganizoli ndi mavoti 36 kwa 13. Yankho la Hamilton lidali louma mtima koma lovuta kulitsutsa: zikalata zambiri zidali zitadutsa m'manja mwa anthu angapo kotero kuti kulondola mwini woyamba kukadakhala kovuta, wogulayo adaika ndalama zake pachiswe pa nthawi yomwe palibe ankakhulupirira boma, ndipo ngati boma lingathe kusintha mgwirizano pepala litagulitsidwa kale, palibe amene adzalibwereke mawa popanda kufuna chiwongoladzanja choboola m'thumba. Padalinso cholinga china chomwe iye sadabise, choti munthu wachuma amene boma lili naye ngongole amafuna bomalo likhalitse.

N'chifukwa chake adafunanso kuti boma lalikulu lisenze ngongole za zigawo. Virginia, yomwe idali itabweza kale gawo lalikulu la ngongole yake, sidaone chifukwa chothandizira Massachusetts ndi South Carolina zomwe zidali zisanamalize, ndipo aphungu adakana ganizoli mu Epulo 1790. Mu Juni chaka chomwecho Jefferson adaitana Hamilton ndi Madison ku chakudya chamadzulo kunyumba kwake ku New York, ndipo mgwirizano womwe udatsatira udali woti aphungu ena a kummwera alole boma kusenza madola 21.5 miliyoni a ngongole za zigawo, likulu la dziko lisamukire ku Philadelphia kwa zaka khumi kenaka likakhazikike m'mbali mwa mtsinje wa Potomac. Mzinda wa Washington udabadwa choncho. Patapita zaka ziwiri Jefferson adadandaula kwa Washington kuti Hamilton adamupusitsa pa nkhaniyi.

Maganizo a Jefferson pa ngongole adali akuya kuposa kungodana ndi amalonda. Ali ku Paris mu Seputembala 1789 adalembera Madison kuti dziko ndi la amoyo, ndipo mbadwo umodzi ulibe ufulu womanga mbadwo wotsatira ndi ngongole. Atawerengera zaka zomwe anthu amakhala ndi moyo, adapeza kuti boma lisatenge ngongole yomwe silingabweze pa zaka 19. Pa chilungamo, ine ndikuona kuti Madison ndi Jefferson adali ndi mfundo, chifukwa msilikali uja adaluza kawiri: adagulitsa chikalata chake motchipa, kenaka n'kulipira msonkho wobwezera amene adachigula. Koma pa zotsatira Hamilton ndiye adapambana. Pasanathe zaka ziwiri zikalata za boma la America zidali zikugulidwa pa mtengo wake wonse, ndipo obwereketsa a ku Amsterdam adatsegulanso makomo.

Mkangano wachiwiri, wa banki, udasanduka wa momwe malamulo oyendetsera dziko ayenera kuwerengedwera. Hamilton adafuna banki ya dziko lonse ya mpamba wa madola 10 miliyoni, boma likhale ndi masheya a madola 2 miliyoni, otsalawo agulidwe ndi anthu wamba achuma, ndipo bankiyo isunge ndalama za msonkho, ibwereke boma pa nthawi ya mavuto ndi kutulutsa ndalama zapepala zodalirika kulikonse. Mu Febuluwale 1791 Washington adafunsa nduna zake ngati malamulo amalola zimenezi. Jefferson adayankha kuti mphamvu yomwe sidalembedwe kuti ndi ya boma lalikulu imatsalira zigawo ndi anthu, ndipo kungodumpha malire amenewa kamodzi n'kutsegula bwalo lopanda mpanda. Hamilton adayankha kuti malamulo akapatsa boma ntchito, monga kutolera msonkho ndi kubwereka ndalama, ndiye kuti alipatsanso zipangizo zoyenera ntchitoyo malinga ngati sizidaletsedwe. Washington adasaina lamulo la banki, ndipo bankiyo idapatsidwa chilolezo cha zaka 20. Mantha a Jefferson sadali opanda pake: mu 1792 William Duer, amene adagwirapo ntchito pansi pa Hamilton ku unduna wa zachuma, adagwa ndi ngongole zomwe adatenga pochita juga ndi masheya, msika wa ku New York udasokonekera, ndipo ngakhale anthu osauka omwe adamubwereka tindalama tawo adalira.

Ngongole imabwezedwa ndi msonkho, ndipo apa mpomwe njira ya Hamilton idawawira anthu akumudzi. Ndalama zambiri zinkachokera ku msonkho wa katundu wolowa m'dziko, koma mu 1791 padawonjezeredwa msonkho wa mowa wotcheza, wa mtundu wa kachasu. Kwa alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania mowawu sudali wongosangalalira: kuwolotsa matumba a mbewu pa mapiri kupita kumisika ya kummawa kudali kodula kwambiri, choncho ankatcheza mbewuzo kuti katundu achepe, ndipo kumene ndalama zinkasowa mowawo unkagwira ntchito ya ndalama. Kuwonjezera apo, lamuloli linkakomera otcheza akuluakulu, amene ankatha kulipira zochepa pa muyeso uliwonse kuposa mlimi wa mphika umodzi. Alimi atayamba kuzunza otolera msonkho ndi kutentha nyumba ya mkulu wawo mu 1794, boma lidatumiza asilikali pafupifupi 13,000, Hamilton mwini wake ali nawo limodzi, ndipo adakapeza oukirawo atabalalika kale. Hamilton adati boma laonetsa kuti lamulo lake limagwira ntchito. Jefferson adaona kuti boma lagwiritsa ntchito nkhwangwa popha ntchentche.

Pa za mafakitale ndi ulimi ndingodutsapo mwachangu, chifukwa panthawiyo nkhaniyi idathera m'mapepala. Mu Disembala 1791 Hamilton adapempha boma kuti liteteze mafakitale ongoyamba kumene ndi misonkho yapakatikati komanso ndalama zothandizira, koma aphungu sadavomereze zothandizirazo, ndipo kampani yomwe iye adalimbikitsa ku Paterson, New Jersey, idalephera pa zaka zake zoyamba. Jefferson ankafuna dziko la alimi odziimira paokha, mafakitale atsale ku Ulaya pamodzi ndi umphawi wa m'mizinda yake. Maganizo a Hamilton adadzatengedwa pambuyo pake ndi wandale Henry Clay ku America ndi katswiri wa zachuma Friedrich List ku Germany.

Pa ndale, sikelo imapendekera kwa Jefferson. Pa msonkhano wolemba malamulo oyendetsera dziko ku Philadelphia mu Juni 1787, Hamilton adapempha kuti mtsogoleri wa dziko ndi aphungu a nyumba yaikulu azikhala pampando moyo wawo wonse malinga ngati sadalakwe, ndipo palibe adamutsatira. Sankakhulupirira nzeru za anthu wamba, pamene Jefferson adamenyera ufulu wachipembedzo ku Virginia, adatsutsa malamulo a 1798 omwe ankatsekera m'ndende atolankhani onyoza boma, ndipo adathandiza kumanga chipani chomwe chidalanda boma kudzera m'mavoti mu 1800. Chodabwitsa n'chakuti pa chisankho chimenecho, Jefferson ndi Aaron Burr wa chipani chomwecho atafanana ndi mavoti 73 aliyense, nkhani n'kupita kwa aphungu kuti asankhe mmodzi, Hamilton adalimbikitsa anzake kusankha Jefferson, ponena kuti mdani wokhala ndi mfundo ndi wabwino kuposa munthu wopanda mfundo.

Muyeso weniweni wa njira ziwirizi udabwera Jefferson atakhala pampando. Iye ndi nduna yake ya zachuma, Albert Gallatin, adathetsa msonkho wa mowa mu 1802, adachepetsa asilikali, ndipo adatsitsa ngongole kuchoka pa madola 83 miliyoni kufika pa 57 miliyoni pofika 1809, zomwe sizazing'ono. Koma banki sadaigwetse, ndipo Gallatin mwini adaiikira kumbuyo. Mu 1803 Napoleon, wolamulira France, atagulitsa dera la Louisiana pa madola 15 miliyoni, Jefferson adagula ngakhale ankadziwa kuti malamulo sadanene chilichonse pa zogula malo, ndipo gawo lalikulu la mtengowo lidalipidwa ndi zikalata za ngongole kudzera kwa eni mabanki a Baring a ku London ndi a Hope a ku Amsterdam, amene adazilandira chifukwa cha mbiri yabwino yomwe Hamilton adamangira dzikolo. Chilolezo cha banki chitatha mu 1811 sichidawonjezedwe, nkhondo ya 1812 idapeza boma lilibe kobwereka, ndipo Madison yemweyo, amene adatsutsa banki yoyamba, adasaina lamulo la banki yachiwiri mu 1816 ali mtsogoleri wa dziko. Chaka chomwecho Jefferson adavomera m'kalata kuti wopanga katundu ayenera kuima pambali pa mlimi, ndipo mu 1819 khoti lalikulu, motsogozedwa ndi John Marshall, lidagamula mlandu wa McCulloch ndi chigawo cha Maryland, wokhudza banki yachiwiriyo, potsatira kawerengedwe ka malamulo ka Hamilton.

Pali nkhani imodzi yomwe imadetsa mbali zonse, ngakhale mosafanana. Hamilton adali membala wa bungwe la ku New York lolimbikitsa kumasula akapolo kuyambira 1785, komabe mabuku ake a ndalama amaonetsa kuti adathandizapo abale a mkazi wake pa malonda a akapolo. Jefferson, amene ankatamanda mlimi wolima ndi manja ake, adakhala ndi akapolo opitirira 600 pa moyo wake wonse, ndipo minda ya kunyumba kwake ku Monticello ndiwo ankalima. Onse awiri adamwalira ali ndi ngongole. Hamilton atafa pa 12 Julayi 1804, tsiku lotsatira atawomberedwa ndi Burr pa ndewu ya mfuti yomwe awiriwa adapangana ku Weehawken, New Jersey, anzake adasonkha ndalama kuti mkazi wake ndi ana asatuluke m'nyumba. Jefferson atamwalira pa 4 Julayi 1826 adasiya ngongole yopitirira madola 100,000, ndipo mu Januwale 1827 anthu a ku Monticello, mwa akapolo 130 omwe adalengezedwa kuti ali pamalonda, adayamba kugulitsidwa pofuna kuibweza, mabanja ena n'kupatukana.